Mavitamini, zitsamba ndi warfarin: zimene odwala sauza dokotala

Mu Lilongwe muno thanzi limagulitsidwa paliponse. Mukatsika basi kudepoti n'kulowa mumsewu wa Malangalanga, simuyenda patali musanapeze munthu atayala timapaketi ta ufa wa cham'mwamba, mizu ya gondolosi, masamba ouma a nimu ndi mabotolo a zakumwa zosakaniza, ena atamatidwa kapepala kotchula matenda khumi nthawi imodzi. Ku City Centre malondawa amayenda m'maofesi: nthawi ya nkhomaliro mnzanu amatsegula dirowa n'kukuonetsani makapisozi olimbitsa mafupa ndi tiyi wochepetsa thupi. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 mabotolo ambiri amafika m'masutikesi, kuchokera kwa ana amene ali ku Johannesburg, ku London kapena ku America: mafuta a nsomba, vitamini E, ginkgo, turmeric.

Kwa anthu ambiri zinthu zimenezi sizibweretsa vuto lalikulu. Koma mumzinda womwewu muli anthu amene madzulo aliwonse amameza piritsi laling'ono lotchedwa warfarin kuti magazi awo asaundane. Kwa iwo, supuni ya ufa wobiriwira kapena kapisozi wamphatso akhoza kusintha mphamvu ya piritsilo osadziwa, mpaka tsiku limene magazi akukana kusiya kutuluka kapena mkono wafa mwadzidzidzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngozi zoterezi zimapeweka, ndipo chozipewera chachikulu ndi kungolankhula.

Amamwa ndani mankhwalawa?

Ambiri amaganiza kuti mankhwala osungunula magazi ndi a nkhalamba za m'mayiko olemera. Kuno kwathu sizili choncho. Pakati pa omwa warfarin pali achinyamata ndi amayi amsinkhu wobereka, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi zilonda zapakhosi zimene mwana anadwala ali wamng'ono osalandira mankhwala. Tizilombo toyambitsa zilondazo tikasiyidwa, chitetezo cha m'thupi chimatha kusokonezeka n'kuyamba kuwononga mavavu a mtima, amene amatsegula ndi kutseka njira ya magazi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, atapima ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16 m'boma la Lilongwe, anapeza kuti ana oposa 3 mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za nthendayi ngakhale ankaoneka athanzi.

Vavu ikawonongeka, mtima umatha kugunda mosalongosoka, magazi n'kumaima m'kati mwake ndi kuundana. Oundanawo akakokoloka n'kukatseka mtsempha wa muubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Ena mwa odwalawa amapita kunja, makamaka ku India, kukaikidwa vavu yachitsulo, ndipo wobwera ndi vavu yotere amamwa warfarin moyo wake wonse. Gulu lina ndi la amene magazi anawaundana m'mitsempha ya mwendo kapena m'mapapo, zomwe zimachitika munthu akabereka, akachitidwa opaleshoni, akagona nthawi yaitali pabedi, kapena akadwala khansa, TB ndi HIV. Onsewa amadutsa pa chipatala cha Kamuzu Central ndi m'zipatala zolipira za mumzinda muno.

Masiku ano kuli mankhwala atsopano monga rivaroxaban ndi apixaban, amene safuna kupima magazi pafupipafupi. Koma ndi odula, ndipo saloledwa kwa munthu wa vavu yachitsulo. Komanso mu 2022 kafukufuku wamkulu wotchedwa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 m'mayiko 24, anasonyeza kuti mwa anthu amene mavavu awo anawonongeka ndi nthenda ija ndipo mtima ukugunda mosalongosoka, omwa mankhwala a mtundu wa warfarin anamwalira ochepa poyerekeza ndi omwa rivaroxaban. Choncho warfarin tikhala naye kwa zaka zambiri, ndipo tiyenera kumudziwa bwino.

Anachokera ku msipu wovunda

Mbiri ya mankhwalawa payokha ikutiphunzitsa kuti chomera si chinthu chosewera nacho. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za alimi kumpoto kwa America ndi ku Canada zinayamba kufa chifukwa chotaya magazi pa bala laling'ono, ngakhale pongodulidwa nyanga. Dokotala wa ziweto, Frank Schofield, anazindikira kuti ng'ombezo zinkadya msipu wotchedwa sweet clover umene unachita nkhungu. Mu 1933 mlimi wina anafika pa yunivesite ya Wisconsin atanyamula ng'ombe yakufa ndi chigubu cha magazi osaundana, ndipo katswiri Karl Paul Link ndi anzake anayamba kufufuza. Atapeza chimene chinkaletsa magaziwo kuundana, anapanga warfarin, mankhwala amphamvu koposa, amene mu 1948 anayamba kugulitsidwa ngati ophera makoswe. Mu 1954 analoledwa kuperekedwa kwa anthu pa mlingo wochepa, ndipo mu 1955 mtsogoleri wa dziko la America, Dwight Eisenhower, anapatsidwa mankhwalawa atadwala mtima.

Wodwala wina akamva za makoswezi amachita mantha n'kufuna kusiya. Asatero. Warfarin wapulumutsa anthu osawerengeka, kungoti chinsinsi chake chonse chili pa mlingo.

Njira yopapatiza

Kuti magazi aundane pabala, chiwindi chimapanga zinthu zinayi zothandiza pa ntchitoyo, ndipo sichingazipange popanda vitamini K, amene anatulukiridwa ndi Henrik Dam wa ku Denmark mu 1929. Warfarin amatchinga thupi kuti lisagwiritsenso ntchito vitamini K wake mokwanira, motero magazi amachedwa kuundana. Sawachepetsa ndipo sawasandutsa madzi. Izi n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa achibale ena akamva kuti m'bale wawo akumwa mankhwala a magazi amathamangira kumuwiritsira chidede kapena masamba a mapeyala kuti magaziwo abwerere, pamene palibe chimene chachoka.

Madokotala amaona mphamvu ya warfarin popima magazi, ndipo zotsatira zake zimatuluka mu nambala yotchedwa INR. Munthu wosamwa mankhwalawa INR yake imakhala pafupifupi 1. Odwala ambiri amafunika akhale pakati pa 2 ndi 3, ndipo ena a vavu yachitsulo pakati pa 2.5 ndi 3.5. Nambala ikatsika, magazi amaundana. Ikakwera kwambiri, munthu amatha kutaya magazi m'mimba kapena muubongo. Aliyense amene anawolokapo mtsinje wa Lilongwe pa timaulalo tamatabwa ta pakati pa misika ya ku Old Town akudziwa kuyenda kotere: malo oponda ndi ochepa, mbali zonse ziwiri kuli madzi, ndipo wokugunda paphewa sayenera kukhala wamphamvu kuti ugwe.

Kukhala pakatipo n'kovuta ngakhale popanda zitsamba. Kafukufuku wotchedwa REMEDY, amene anatsogoleredwa ndi Bongani Mayosi ndi Liesl Zühlke a ku yunivesite ya Cape Town ndipo anasindikizidwa mu 2015, anaona odwala 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, komanso ku India ndi ku Yemen. Mwa amene ankamwa mankhwala osungunula magazi, 28 okha mwa 100 aliwonse ndi amene INR yawo inali pamalo oyenera. Ngati zinthu zili chonchi kale, chilichonse chowonjezera chimene dokotala sakuchidziwa chimangokulitsa ngozi.

Zofooketsa ndi zowonjezera mphamvu

Masapulimenti, monga mavitamini, maufa ndi makapisozi aja, amasokoneza warfarin m'njira zitatu. Yoyamba ndi kubweretsa vitamini K wochuluka, amene amalimbana ndi mankhwalawo mwachindunji. Mavitamini ambiri osakaniza amakhala ndi vitamini K, makamaka amene amati ndi olimbitsa mafupa, chimodzimodzinso maufa obiriwira opangidwa ndi masamba ouma. Mayi wa vavu yachitsulo akayamba kuthira masupuni a ufa wotere m'phala m'mawa uliwonse, INR yake ikhoza kutsika iye akudziona kuti ali bwinobwino. Palibe chimene chimapweteka pochenjeza.

Njira yachiwiri imadzera m'chiwindi, chimene chimaphwanya mankhwala kuti atuluke m'thupi. Chitsamba chodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi St John's wort, chimene chimagulitsidwa kunja kwa anthu ovutika maganizo ndi osowa tulo. Chimafulumizitsa chiwindi kotero kuti warfarin amatha msanga asanagwire ntchito. Mu 2000 akuluakulu oyang'anira mankhwala ku Britain ndi ku America anachenjeza za chitsambachi, ndipo chimafooketsanso ma ARV ena, mapiritsi olera, ngakhalenso rivaroxaban ndi apixaban. Ginseng wa ku America nayenso anapezeka akutsitsa INR pa kafukufuku wa pa yunivesite ya Chicago mu 2004. Zina zimachita mosemphana: mu 2003 dziko la Britain linachenjeza za madzi a zipatso za cranberry atalandira malipoti a odwala amene INR yawo inakwera, ndipo mu 2018 bungwe loyang'anira mankhwala ku New Zealand, Medsafe, linalengeza za wodwala amene INR yake inali yokhazikika koma inadutsa 10 patangopita milungu yochepa atayamba kumwa mankhwala okhala ndi turmeric. Glucosamine, amene akuluakulu ambiri amamwera mawondo, nayenso amatchulidwa pa zokweza INR.

Njira yachitatu ndi yobisika koposa. M'magazi muli tizigawo totchedwa mapulateleti, timene timamatirirana pabala kuti titseke. Makapisozi a adyo, jinja, ginkgo, mafuta a nsomba ambiri ndi vitamini E wa mlingo waukulu akhoza kuchepetsa kumatirirana kumeneku. Chilichonse pachokha mphamvu yake ndi yochepa, koma chikasanjikizana ndi warfarin, aspirin kapena clopidogrel, magazi amatuluka mosavuta. Vuto lake n'lakuti INR siona mbali imeneyi, ndiye munthu akhoza kukhala ndi nambala yabwino m'buku koma nkhama zikutuluka magazi.

Apa tisiyanitse. Adyo wothira mundiwo, kachidutswa ka jinja mu tiyi kapena turmeric wokometsera mpunga si vuto kwa odwala ambiri. Vuto limabwera chakudya chikasanduka mankhwala: makapisozi amene aunjikamo mphamvu ya zomera zambiri, kapena makapu angapo patsiku a chosakaniza chowawa. Tonse tikukumbukira mmene zinalili Covid-19 itakula mu Januwale 2021, pamene pafupifupi khomo lililonse linkawiritsa jinja, adyo ndi mandimu m'mawa ndi madzulo. Chizolowezicho sichinathe, chimabwerera nyengo yozizira iliyonse chimfine chikayamba, ndipo mphika womwewo umamwedwa ndi onse a pabanja, wa warfarin yemwe.

Ndiwo zamasamba zisathawidwe

Odwala ena akamva za vitamini K amasiyiratu masamba. Kumeneku n'kulakwitsa, makamaka kwathu kuno kumene ndiwo zamasamba ndizo zimasunga thanzi la mabanja ambiri. N'zoona kuti masamba athu ali ndi vitamini K wambiri. Bonongwe ali m'gulu la masamba amene ali naye wochuluka zedi, woposa mamaikilogalamu 1,000 pa magalamu 100 a masamba osaphika, pamene munthu wamkulu amafuna pakati pa 90 ndi 120 patsiku. Mpiru, kholowa, repu ndi nkhwani nazonso zili naye. Koma chimene madokotala amalangiza ndi kudya mofanana sabata ndi sabata, kuti mlingo wa warfarin ukonzedwe molingana ndi mbale yanu. Amene amadya masamba tsiku ndi tsiku savuta kumusamala kusiyana ndi amene amakhala milungu iwiri osawalawa kenaka n'kudya mphika wonse.

Nyengo zathu zimachititsa kusintha kumeneku popanda munthu kufuna. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Marichi, bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimadzaza msika pa mtengo wotsika, ndipo zimamera ngakhale kuseri kwa nyumba. M'chilimwe mbale imatembenukira ku nyemba, usipa, kabichi ndi mfutso. Wogwira ntchito ku Capital Hill amene amadya tchipisi ndi nkhuku masana akapita kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi amadya masamba kawiri patsiku. Wina amasala kudya masiku angapo kumpingo, wina wadwala malungo kapena kutsegula m'mimba ndipo sakudya, wina wamwa mowa wambiri kumapeto a sabata. Zonsezi zimasuntha INR, ndipo zonsezi ndi zifukwa zokapimitsa msanga osadikira tsiku lolembedwa.

Za pa okala ndi za kuchipatala

Sitingakambe za masapulimenti n'kusiya mapiritsi amene timagula ngati maswiti. Aspirin, brufen ndi diclofenac amapezeka pa okala ndi m'mafamase popanda kalata ya dokotala, ndipo mankhwala ambiri a mutu ndi chimfine amakhala ndi aspirin m'kati. Kwa womwa warfarin amenewa ndi oopsa kuposa zitsamba zambiri, chifukwa amakanda m'mimba kwinaku akuchepetsa kuundana kwa magazi. Panado ndiye amene amalangizidwa, koma naye akamwedwa wambiri masiku otsatizana amakweza INR.

Mankhwala a kuchipatala nawo amafuna maso. Bactrim, amene anthu ambiri okhala ndi HIV amalandira kuti awateteze ku matenda ena, amawonjezera kwambiri mphamvu ya warfarin, chimodzimodzinso flagyl ndi fluconazole. Rifampicin wa TB amachita zosiyana: amafooketsa warfarin kotero kuti mlingo umayenera kukwezedwa, ndipo chithandizo cha TB chikatha uyenera kutsitsidwanso. Wodwala amene amalandira ma ARV ku Lighthouse, mankhwala a TB ku Bwaila ndi warfarin ku Kamuzu Central ali ndi mbali zitatu zimene ziyenera kudziwana, ndipo chowalumikiza ndi buku lake la kuchipatala. Akawonjezerapo botolo lachinayi limene silinalembedwe paliponse, ngakhale dokotala waluso sangamvetse chifukwa chimene nambala ikuvinira.

Funso limene limayankhidwa kuti ayi

M'chipinda chopimira, kukambirana kumayenda mwachidule chifukwa mzere panja ndi wautali. Dokotala amafunsa kuti, “Amayi, pali mankhwala ena amene mukumwa?” Mayi amayankha kuti, “Ayi adokotala, ndi omwewa basi.” Sananame. M'maganizo mwake mankhwala ndi mapiritsi a kuchipatala. Ufa wa m'phala ndi chakudya, makapisozi amene mwana wake anatumiza ndi mavitamini, tiyi wa masamba ndi tiyi. Wina amadziwa ndithu kuti chimene akumwa ndi mankhwala achikuda, koma amaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu, ndiye amangokhala chete.

Palinso chikondi, chimene n'chovuta kuchikana. Mwana amene ali kunja sangathe kuperekeza mayi ake kuchipatala, ndiye amatumiza chimene angathe, botolo lodula lolembedwa kuti limathandiza mtima. Mnzanu wa kumpingo amabwera ndi chosakaniza chimene chinathandiza mlamu wake. Wodwala amaona kuti kukana kapena kukafunsa kaye ndi mwano. Koma mawu akuti mtima kapena kuyenda bwino kwa magazi akalembedwa pabotolo, womwa warfarin ayenera kusamala kwambiri, pakuti zinthu zotere ndi zomwe kawirikawiri zimakhala ndi adyo, ginkgo kapena mafuta a nsomba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kuchokera kunja si chitsimikizo. Ku America, lamulo la 1994 limalola masapulimenti kugulitsidwa popanda kuvomerezedwa kaye ndi bungwe la FDA monga zimakhalira ndi mankhwala. Kuno kwathu, lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, kuti liziyang'anira mankhwala ndi zinthu zofanana nawo. Koma botolo lobwera m'sutikesi, paketi yogulidwa pa WhatsApp ndi chigubu cha pamsika chopanda mndandanda wa zosakaniza zimafika pakamwa pa wodwala zisanadutse m'manja mwa woyang'anira aliyense.

Zoyenera kuchita

Wodwala atenge chilichonse chimene amamwa chifukwa cha thanzi, kaya ndi botolo, paketi, ufa kapena mizu, achiike m'jumbo n'kupita nacho kuchipatala pamodzi ndi buku lake. Asayambe chatsopano asanafunse dokotala kapena katswiri wa mankhwala wa m'famase. Ngati wayamba kale ndipo wamwa nthawi yaitali, asangosiya mwakachetechete, chifukwa kusiya nakonso ndi kusintha. Amene mlingo wake unakwezedwa pamene ankamwa St John's wort, akasiya chitsambacho osanena, warfarin yemweyo amamukulira m'milungu yotsatira. Adziwe nambala yake ya INR ndi pamene iyenera kukhala. Asanazulitse dzino, asanabayidwe jakisoni wa pamnofu, asanatemedwe mphini, anene kuti amamwa mankhwala osungunula magazi. Mayi amene akuganiza zotenga pathupi, kapena wadumphitsa mwezi, aonane ndi dokotala msanga chifukwa warfarin amatha kuvulaza mwana m'mimba, koma asasiye yekha.

Zizindikiro zina sizidikira kuti kuche. Kamfuno wosasiya patatha mphindi khumi mukutsina mphuno, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi, mikwingwirima yaikulu popanda kugundidwa, msambo wochuluka modabwitsa, mutu waukulu wadzidzidzi kapena kugwa n'kumenyetsa mutu, zonsezi ndi zothamangira nazo kuchipatala. Chimodzimodzinso pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka, lilime kulemera, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kapena kubanika mwadzidzidzi.

Achipatala nawo ali ndi mbali yawo. Funso lisinthe, litchule zinthu ndi mayina ake: mavitamini, tiyi wa masamba, ufa wothira m'phala, za kwa asing'anga, zotumizidwa ndi ana. Ndipo yankho lilandiridwe popanda kukalipa, chifukwa wodwala amene wachititsidwa manyazi kamodzi sadzanenanso. Zimene wanenazo zilembedwe m'buku. Boma ndi eni zipatala aonetsetse kuti kupima INR kukupezeka nthawi zonse komanso pa mtengo umene munthu wa ku Kawale kapena ku Mchesi angakwanitse, chifukwa kupatsa munthu warfarin popanda njira yomupimira n'kumusiya pangozi. Ogulitsa masapulimenti, a m'famase ndi a m'maofesi omwe, azifunsa wogula aliyense ngati amamwa mankhwala osungunula magazi asanalandire ndalama yake.

Ndipo inu amene muli ndi kholo, mkazi, mwamuna kapena mwana amene amamwa warfarin, thandizo lanu ndi lofunika kwambiri, koma liloze poyenera. Musanagule botolo, jambulani chizindikiro chake pafoni kuti dokotala achione. Ngati muli ndi ndalama yoti muthandizire, ya thiransipoti yopitira kuchipatala ndi yolipirira kupima magazi ndiyo imene ingamusungire moyo wodwala wanuyo.